Mabowo Atatu pa Buloko ya Ababa

Lamulungu, 19 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ayi, sindinaiphe galimoto ya ababa. Ndayambira pamenepa chifukwa ndinamva zonse zimene munawauza amayi pafoni Lachitatu lija. Musadabwe, amayi akamayankhula pafoni amabwereza mawu anu onse mokweza ngati akumasulira mlaliki. "Eti wothawa sukuluyo asaigwirenso? Eti tingoipereka kwa ogula zitsulo?" Ine ndinali pansi pa galimoto pomwepo, mapazi okha ali panja, moti ngakhale nkhuku za pakhomo pano zikudziwa tsopano kalasi imene ndinalekezera. Nchifukwa chake ndati ndilembe kalata. Pafoni mumandidula ndisanamalize ndi moni yemwe, koma pepala mulibe nalo chochita, muwerenga basi. Zilembo zikapotoka mundikhululukire, chala chapakati ndachimanga kansanza.

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji? Kuno tilipo ndithu.

Paja inu munachoka pikapu ikuyendabe, ndiye ndikufotokozereni bwinobwino. Chaka chatha injini inatentha kwambiri pachitunda, hedi n'kung'aluka. Hedi ndi chivundikiro cha injini chija chimakhala pamwamba pa buloko, musanamizire kuti mumadziwa. Mtundu umenewo anasiya kupanga ine ndisanabadwe. Tili mkati mofufuza, matenda aja anawagwira ababa dzanja ndi mwendo, galimoto n'kukhala pabwalo miyezi khumi ndi inayi. Nkhuku ya amayi yaswera kawiri pampando wa dalaivala. Amayi anatopa nayo, n'kupangana ndi bambo wina wogula zitsulo zakutha kuti abwere Loweruka, dzuloli, adzaikoke. Ababa anazimva zimenezi. Anangopempha kuti mpando wawo tiziuika pakhonde, mbali imene galimoto imaonekera. Ineyo ndimaseka zambiri, koma zimenezo sindinaseke. Ndinawapempha amayi kuti andipatse mpaka Loweruka: ikalira ikhala, ikakana ipite.

Abwana anga a kugalaja, timawatcha a Nyundo chifukwa kwa iwo chilichonse chokana chimafuna kumenyedwa, anandipezera hedi ya injini yatsopanoko, tinene kuti mng'ono wake wa injini yathuyi. Mabawuti onse akugwirizana, ndinavina ndithu. Koma titayala gasiketi pa buloko, chipepala cholimba chija chimakhala pakati pa hedi ndi buloko, tinaona kuti buloko yakale ili ndi mabowo a madzi amene hedi yatsopano sikuwadziwa. Ukawasiya choncho, madzi azilowa kumene sanaitanidwe. Ndiye ofunika kutseka. Nkhani yonse, achemwali, yagona pamenepa: titseka ndi chiyani?

Tsiku limenelo mumsewu mwathu muno aliyense anasanduka injiniya. Akalipentala oyandikana nafe aja anabwera ndi utuchi kumutu, ati, "Khomerapo kamtengo kolimba, mphwanga. Kakanyowa kamafufuma, sikatulutsa ndi dontho lomwe."

Ine ndinati, "Achimwene, madzi a mu injini amawiratu. Mukufuna tiphike mtengo?"

A Nyundo ati ndidule bawuti yachitsulo ndiikhomere mpaka imve. Amayi, ali pawindo, ati sopo, poti ndowa yawo inasiya kudontha ndi sopo. Kenako alamu anaimba foni n'kunena za guluu wa zitsulo, wosakaniza machubu awiri uja, ati anaonera munthu akumata injini yathunthu pakanema.

Apa ndivomere. Ndinasankha guluu, chifukwa ndi wachangu, komanso chifukwa alamu amavala tayi. Lolemba ndinamata, Lachiwiri anauma, Lachitatu tinamanga injini, ndipo inalira! Ndinayenda pabwalo ngati ndagula ndege. Patatha mphindi khumi itatentha, ndinasolola kandodo koonera oyilo, n'kupeza oyilo wasanduka tiyi wamkaka. Guluu anali atasiya bowo limodzi, madzi n'kulowa mu oyilo. Ndi nthawi imeneyo amayi anakuimbirani. Ndiye pamene munkanena za wothawa sukulu, nzeru imene inagwa inali ya munthu wa madigiri, amuna anu enieni. Musawauze mwaukali. Dikirani adye kaye.

Lachinayi m'mawa ndinamasula zonse, n'kupita kwa mayi wina amene amasema zitsulo pamakina kuseri kwa msika. Anthu amawatcha a Milimita, poti amayeza chilichonse. Akakupatsa moni amakuyang'ana ngati akufuna adziwe kutalika kwa mphuno yako. Ndinawafotokozera zonse, iwo osasiya kupukuta manja.

"Anakuuza za guluu ndani?"

"Alamu anga."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Ya muofesi."

"Azimata maenvelopu."

Kenako anandikhazika pachigubu n'kundiphunzitsa, ndipo koyamba m'moyo wanga sindinagone m'kalasi. Ati buloko ikatentha imafufuma, ikazizira imabwerera, tsiku ndi tsiku, ndiye chotsekera chiyenera kuyenda nayo limodzi. Guluu amatopa panjira. Mtengo umawola. Bawuti yachitsulo imachita dzimbiri, ndipo kuikhoma ndi nyundo pafupi ndi silinda n'kufuna kung'alula buloko. Ine pofuna kuoneka wanzeru ndinati, "Nanga aluminiyamu? Ali mbwee kugalaja kwathu."

"Iwe, ameneyo amafufuma msanga kuposa buloko, ndipo akakhala m'madzi limodzi ndi chitsulo amadyeka. Chaka chamawa udzabweranso kuno ukulira. Chofunika ndi mkuwa wachikasu. Suchita dzimbiri, ndi wofewa, umagwira bwino m'mazinga. Iwe ukadule mazinga m'mabowomo ngati a nati, ine ndikusemera tizitsekero topota ngati bawuti."

Ndinati zikomo, semani. Iwo ati mkuwa alibe, unatha, kusitolo akuti ubwera pakatha masabata awiri. Ine ndinali ndi masiku awiri.

Mkuwa ndinaupeza. Kumene ndinaupeza tikambirana kumunsiku, mukapumako kaye.

Masana omwewo a Milimita anandibwereka kachipangizo kawo koyezera, kokhala ndi mano ngati nkhanu, kuti ndikayeze mabowo. Ndinabwera ndi manambala olemba padzanja. Bowo lina ndinati 12. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"12 yeniyeni?"

"Pafupifupi."

"Kwa ine kuno kulibe pafupifupi. Bwerera."

Ndinabwerera wapansi, achemwali, dzuwa lili pamutu, n'kukapeza kuti ndi 11.8. Timadontho tija ndinatithawa kusukulu tandipeza kuseri kwa msika. Anasema tizitsekero tinayi tonyezimira, poti ine ndinawerenga mabowo anayi n'kuwalemba ndi choko.

Lachisanu ndinayamba kudula mazinga pabwalo. Chodulira umachipaka girisi wambiri kuti tizinyenyeswa ta chitsulo tikakamire pamenepo, tisagwere mkati mwa injini. Upotoza pang'ono, ubwerera, upukuta, uyambiranso. Mabowo atatu anatheka bwino. Nditafika pa lachinayi, kabowo kakang'ono kakumapeto, ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde. Ababa.

"Ndisendeze."

Ndinawanyamula ndi mpando womwe mpaka pagalimoto. Mukudziwa mmene amayankhulira masiku ano, liwu limodzi kenako kupuma. Analoza ndi ndodo.

"Kameneko... ayi."

Ndinati, "Ababa, gasiketi yangokaphimba theka, ndiye n'kofunika kutseka."

"Thira palafini."

Ndinathira pang'ono m'kabowomo, ndikuseka chamumtima kuti odwala asangalale. Palafini uja sanapite kumadzi ayi. Anatulukira pansi, pamene pamakhala sefa ya oyilo. Kabowo kameneko ndi njira imene oyilo amakwerera kupita ku hedi. Ndikanakatseka, injini ikanalira bwinobwino Loweruka, anthu n'kuomba m'manja, kenako pamwamba ponse n'kuuma gwa, n'kupsa pamaso pa wogula zitsulo. Kankangofuna kukuza bowo la pagasiketi pang'ono, basi.

Ababa anaseka, achemwali. Mbali imodzi yokha ya kamwa, komabe anaseka mpaka kutsokomola. Ati, "Makaniko!" Kuchokera pamenepo anakana kubwerera pakhonde. Amayi anabweretsa ambulera akung'ung'udza. Tizitsekero titatu titalowa, ababa analamula kuti tisatulukire pamwamba ngakhale ngati tsitsi, apo ayi gasiketi sigona bwino. Ndinkapala ndi tupa, iwo n'kuika rula wachitsulo pabuloko ndi dzanja labwinolo, n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi. Anandibweza kanayi. Munthu wodwala koma nkhanza zosatha.

Dzulo wogula zitsulo anafika kadzutsa asanatsike, ndi lole yake ndi unyolo paphewa. Akalipentala analipo, a Nyundo anabwera ndi batire la kugalaja, ngakhale a Milimita anatseka makina awo kudzaona. Ndinapotoza kiyi. Inatsokomola. Kachiwiri inaphulitsa utsi, nkhuku ya amayi n'kutuluka pawindo ngati chipolopolo. Kachitatu inalira, kulira kosalala kuja munkakumva m'mawa mukupita kusukulu.

Ndinafuna kukuwa, koma amayi anati, "Lachitatunso inaliratu." Ndiye tinadikira. Theka la ola lathunthu anthu akuluakulu ataimirira kuyang'ana injini ngati ikuti iyankhule. Wogula zitsulo anakhala pa unyolo wake akuyang'ana wotchi. Itatentha bwino, anati asolola yekha kandodo ka oyilo kuti tisamunamize. Anasolola, anapukuta pa buluku, anabwezera, anasololanso. Oyilo wopanda madzi, wooneka ngati uchi.

"Ndiye ine ndawotcha dizilo pachabe?"

Tinamupatsa hedi yong'aluka ija kuti asapite chimanjamanja. Amayi anangoti, "Nanga nkhuku yanga iziikira kuti tsopano?" n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akumina nthawi yaitali kuchipinda, koma ati ndi utsi.

Tsopano khalani pansi. Mwamva kanthu kolemera mu envelopumu? Ndi kachitsekero kachinayi kaja kanatsala. Ndakutumizirani chifukwa ndi kanu. Mukukumbuka sikelo yanu ija munaikulunga m'nsalu pamwamba pa kabati, imene munati aliyense woigwira mudzamudula zala, poti mukadzabwerera mudzatsegulanso kagolosale kanu? Miyala yake yoyezera ija ndi mkuwa wachikasu weniweni. Nditapita nayo, a Milimita anaipsompsona. Ndinatenga iwiri yokha, wa theka la kilo ndi mng'ono wake. Sikeloyo ili bwinobwino, kungoti pakadali pano imadziwa kilo yathunthu basi. Wofuna theka la shuga agule yense, zikuthandizaninso pamalonda.

Ndikuseka, koma ndikudziwa kuti ndalakwa. Sikelo imeneyo munaipeza ndi thukuta lanu, ndipo ndikanapempha. Sindinapemphe chifukwa ndinkadziwa yankho. A Milimita alonjeza kuti mkuwa ukafika asema miyala ina, ndipo poti ndi iwo, idzakhala yolondola kuposa yakaleyo. Ine ndiwasesera mushopu Loweruka lililonse mpaka atanena kuti zakwana. Atinso ngati ndingasiye pafupifupi, andiphunzitsa makina. A Nyundo sanamve zimenezi, ndiye nanunso musamve.

Ngati mukufuna kundikalipira, ndipo muli ndi ufulu wonse, bwerani mudzandikalipire pamaso. Makutu ndawasunga onse awiri. Zaka ziwiri n'zambiri, achemwali. Mukaimba timakuuzani kuti ababa ali bwino, ndipo ali bwino ndithu, akudya, akulamula anthu. Kungoti malaya awo onse akula. Pamene ndinawanyamula ndi mpando Lachisanu lija, ndinakonzeka ngati ndikunyamula giyabokosi, koma ndinangotsala pang'ono kuwaponya kumwamba. Sindinawauze amayi. Ndakuuzani inu.

Amayi akupereka moni, ati mudziphimba kumutu kukazizira, ndipo ati nkhani ya sikelo iwo sakuidziwa, ngakhale nsalu anamasula ndi iwo. Akalipentala akuti moni, ndipo akukakamirabe kuti mtengo ukanagwira. Alamu muwapatse moni wanga waulemu wonse, muwauze kuti guluu wotsala ndamatira nsapato ndipo pamenepo wagwira zedi.

Ndine mlongo wanu wonunkha oyilo,

Mzime wa amayi

Ndatsegulanso envelopu. Kalatayi ndalembera pa boneti, ndipo ababa akhala m'galimotomu kuyambira m'mawa, kumpando wa pasenjala, chitseko chili chotsegula. Andifunsa kuti ndikulembera ndani nthawi yonseyi, ndawauza. Kenako agogoda galasi ndi ndodo kuti nditenge cholembera.

"Muuze... akatsika basi, asakwere takisi. Tikamutenga ndife."