Chipewa cha a Morton pa Nkhani za ku Baltimore

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno ku Wheaton tili bwino, chovuta ndi TV basi. Masiku ano a TV akuno nkhani amangobwerekana ndi anzawo a mumzinda wa Baltimore ngati mchere. Ukafuna kumva za msewu wakwanu, amakuonetsa maenje a eni ake. Ndinkangokhalira kudandaula.

Lachiwiri anaonetsa mvula ya ku Baltimore komweko. Kumbuyo kwa mtolankhani kunadutsa bambo wina atagwirana manja ndi mayi wina, chipewa chake ndendende chomwe ndinawalukira amuna anga a Morton. Koma iwo anali ku ntchito ku Alexandria, anatero okha.

Ndasiya kudandaula, Azakhali. Nkhani za ku Baltimore tsopano ndikuonera mpaka zanyengo.

A Morton akupereka moni. Chipewa akuti chinatayika.

Ndine mwana wanu,
Edness