Tikufuna Ana Athu Abwerere

South Bend, Amereka
16 Novembala 2008

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Lifuwu. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga, ndipo galimoto yanga ikuchita kufuna kukankha m'mawa uliwonse.

Mdzukulu wanu Fletcher adakali ku Iraq, koma ali moyo. Anaimba foni Lachiwiri. Anati mnzake amene ankagona naye tenti imodzi anaphedwa ndi bomba la mumsewu mwezi watha.

Amayi, nkhondo imeneyi anthu kuno atopa nayo. Amati inayamba ndi mabodza. Mayi wina wachizungu amene ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba, yemwe mwana wake anabwera wopanda mkono, anandikokera ku msonkhano wa makolo a asilikali. Ndinakana kawiri. Ndinamuuza kuti mlendo salowerera ndale za eni dziko, angakuthamangitse. Iye anandifunsa ngati zipolopolo za ku Iraq zinamufunsa Fletcher kumene anabadwira.

Ndinapita. Atandipatsa mpata ndinaima, koma Chingerezi chonse chinathawa. Ndinangokweza chithunzi cha Fletcher n'kunena kuti uyu ndi wanga, ndikumufuna kunyumba. Holo yonse inaimirira. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse timaima pamphambano ndi zikwangwani. Ena amatitukwana, koma ambiri amaliza mahutala kutilimbikitsa.

Chisankho chachitika, ndipo apambana ndi amene ankalonjeza kubweza asilikali. Ine ndilibe voti, koma Fletcher anavotera konko. Ndinakumbukira 1993, mmene munavotera nyali bambo akukuopsezani kuti mutigwiritsa. Ndikudziwa kuti lonjezo la wandale ndi mtambo, si mvula, n'chifukwa chake pamphambano paja sitinachokepo. Komabe gulu la Fletcher lauzidwa kuti libwerera mu Malichi.

Pempho langa ndi ili. Mnyamatayu anachoka kwathu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akudandaula kuti nkhope yanu yayamba kumutayika. Mng'ono wanga Janet akuperekezeni pa boma mukajambulitse, munditumizire. Musakane ponena kuti mwakalamba. Akuti akangovula yunifolomu ulendo woyamba ndi wa kwa agogo ake, ndipo mudzamupatse ndime yake mumpunga, adzaone ngati msana wa msilikali ungapirire kuwokera.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa Janet ndi alamu, kwa azakhali a ku Chitala, ndi kwa anansi athu a Abdallah ndi a Karima, amene ndamva kuti amamuchitira Fletcher pemphero la duwa Lachisanu lililonse. Muwauze asaleke, Malichi sanafike.

Ndine mwana wanu,
Nancy