Nsomba tinazisambitsa, nanga matenda akubisala pati?

Aphungu,

Ndine mayi wa kuno ku Chezi, ndipo nkhani yanga ndi ya nsomba. Musaseke, chifukwa ineyo yandisowetsa mtendere.

Ine ndi amuna anga, a Isake, tili ndi dziwe kudambo lomwe timawetamo makumba. Mbewu yake tinalandira ku kalabu ya alimi ya kutchalitchi kwathu. Lamulo lathu ndi lopatsirana: ukalandira tiana ta nsomba, zako zikaswana nawenso umapatsa mnzako.

Chaka chatha, dzuwa la mu Okutobala litakwiya, nsomba zinayamba zachilendo. Zina zinkangozungulira pamwamba pa madzi ngati zaledzera, zina maso atatong'oka, zina tizilonda tofiira kumimba. M'mawa uliwonse tinkavuula zakufa. Mvula itagwa, madzi n'kuzizira, imfa inaleka yokha. Zotsalazo zinanenepa n'kuswana, moti ukawaza gaga zimachita kulimbirana.

Itakwana nthawi yopatsa mnzathu wa m'kalabu, mayi Debora, abambo akunyumba anati, "Matenda aja anali a m'madzi. Tikazisambitsa bwinobwino zipita zoyera." Tinatunga madzi a pamjigo, kuthiramo mchere, n'kuviikamo tianato monga timatsukira ndiwo zamasamba. Ngakhale ndowa tinasintha. Mwezi usanathe, dziwe la a Debora linangoti mbuu ndi nsomba zakufa, zomwe tinawapatsa pamodzi ndi zawo zimene anali nazo kale. Koma kwathu zii, osafa ngakhale imodzi! Pano tikakumana ku Mvano moni wawo ndi wa m'mphuno, ndipo ndamva kuti akumauza anthu kuti, "Anatipatsa zokhwimira kuti aziweta okha."

Tsono pagona nkhani ndi apa. Mwana wathu Ester anatengedwa chitengwa ku Bowe, ndipo apongozi ake, a Andireya, akumba dziwe lalikulu n'kuikamo nsomba zochepa zomwe anapeza kwina. Posachedwa anatiimbira foni, amvekere, "Asewele, madzi adzaza, ndikungodikira mbewu yanu yonenepa ija." Amuna anga anavomera pomwepo. Akuti kukana n'kuchititsa manyazi mwana, anthu adzati kwawo kwa Ester ndi koumira. Ulendo uno akuti tiwonjezera mchere.

Ine mutu waima. Zoona nsomba yonenepa, yodya bwino, yosambitsidwa, ingakaphe zinzake iyo yosadwala? Ngati zili choncho, matendawo amakhala pati? Ndinatumbula imodzi n'kuiyang'anitsitsa, sindinaone kanthu. Ndipereke kapena ndikane?

M.C., Chezi, Dowa

Mayi M.C.,

Sindinaseke ayi, koma funso lanu landiyendetsa. Ine za nsomba ndimadziwa kukazinga basi, choncho ndinapita kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa za nsomba, ndipo zomwe anandiuza zinandisiya kukamwa kuli yasa. Yankho lalifupi nali: musapereke.

Dokotalayo sanaone nsomba zanu, ndiye dzina la matenda sangalitchule. Koma akuti zizindikirozo zikufanana ndi matenda obwera ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, n'chifukwa chake mutatumbula simunapeze kanthu. Thupi la nsomba, ngati lathuli, linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Ena mwa maselowa ndi alonda. Amayendayenda m'thupi, akapeza kachilombo amakameza, kukatsekera m'kathumba, n'kukathira madzi aukali okasungunula. Tizilombo tambiri timathera pomwepo.

Koma alipo mabakiteriya ena akathyali zedi. Akamezedwa, amatulutsa zinthu zoletsa madzi aukali aja kufika m'kathumbamo. Ena amachita kuboola kathumbako n'kukhazikika m'selo mwenimwenimo. Amadya momwemo, kuswana momwemo, ndipo mlonda yemwe amayenera kuwapha uja ndi amene amawanyamula kupita nawo ku impso, ku kapamba, nthawi zina mpaka ku ubongo. Akafika ku ubongo m'pamene nsomba imazungulira ngati yaledzera. Taganizani, mbava kukabisala m'mimba mwa mlonda!

Inu ndinu mlimi, nankafumbwe mumamudziwa. Chimanga mutha kuchipeta, kuchitsuka, iye ali phee m'kati mwa njere. Mchere wa abambowo umathandiza pa tizilombo tina ta pakhungu, koma m'kati mwa selo sufikamo, ndipo ngakhale mankhwala ena salowamo bwino. Kuwonjezera mchere kungozunza tianato.

Nsomba zanu zomwe zinapulumuka mwina sizinachire kwenikweni. Thupi lamupanikiza mdaniyo koma silinamumalize. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lomwe mwazikoka ndi ukonde, kuzithithikiza mu ndowa, n'kuzigwedeza panjinga padzuwa, mphamvu zake zimatsika. Apo mabakiteriya amachulukana, kuphulitsa maselo, n'kutulukira m'madzi. Nsomba za a Debora zinali zisanakumanepo nawo, ndiye zinangogwa. Apa palibe kukhwima kulikonse. Ndipo dziwani kuti kukadzatenthanso, dziwe lanulo litha kuyambiranso.

Chochita choyamba, pitani kwa alangizi a zansomba kuboma mukawafotokozere zonse monga mwandifotokozera ine. Mukaona nsomba yodwala, muwatengere ikadali yamoyo kuti akaiyeze. Kufikira atayankha, m'dziwe lanu musatuluke kamwana ka nsomba ngakhale kamodzi, ndipo ukonde ndi ndowa musabwereketse. Zakufa muzikwirira pamtunda, osataya mumtsinje, chifukwa kumunsi kuli maiwe a anzanu. Makapisozi a anthu musathire m'madzi, ngakhale wina akunyengerereni bwanji. Nsomba yodwala kapena yofa yokha musadye, musaigwirenso muli ndi bala kudzanja, ndipo zabwinobwinozo muziphika zipse ndithu. Alangizi akatsimikiza, angakuuzeni kuti mukolole zonse, muphwetse dziwe, liume mpaka matope ang'ambike, muwaze laimu, kenako muyambe ndi mbewu yochokera kumalo odalirika. Zowawa, inde, koma n'zotheka.

Kwa a Debora pitani nokha, musatume munthu. Iwo akulira nsomba zawo, ndipo munthu wolira sasankha mawu. Apepeseni, muwafotokozere, mupitire limodzi kwa alangizi. Kalabu yanunso imve, chifukwa lamulo lopatsirana ndi labwino, koma likufunika kachigamba: dziwe lomwe munagwa matenda lisapereke mbewu mpaka alangizi atalola.

Za ku Bowe musamalize pafoni. Inu ndi a Isake munyamuke ulendo, mukakhale pansi ndi a Andireya, muwauze kuti mukukana chifukwa mukulifunira zabwino dziwe lawo. Ngati manja akuyabwa kupereka, aperekezeni kukatenga mbewu yabwino, kapena asenzereni thumba la gaga. Bambo amene wakhetsa thukuta kukumba dziwe adzamva.

A Isake akuopa kuti Ester atchedwa mwana wa anthu oumira. Auzeni kuti mawu amenewo amatha, sachedwa. Koma mukapereka, nsombazo n'kukayandama ku Bowe, inu mudzakhala muli ku Chezi. Amene adzatsikire kudambo m'mawa umenewo, apongozi ndi alamu ake onse atamutembenukira, ndi Ester, ndipo adzakhala yekha.

Aphungu