Andiitana kukaulutsa ndege ku Lukusuzi

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Lelo ndaseka mpaka masaya kuwawa.

Foni inalila masana, ndikutongola chimanga ndi amama pakhonde. Anali mayi wa ku kampani ija ya ndege zing'onozing'ono zolondela nyama ku paki ya Lukusuzi. Anati, "A Tiwonge, tasankha inu. Mubwele Lolemba." Ndinawafunsa kawili ngati sanalakwitse dzina, chifukwa tsiku la mayeso tinadzaza chipinda, malo ali amodzi okha.

Zaka zitatu laisensi yanga youlutsila ndege yagona m'sutikesi. Kuno ku Mphamba anafika ponditcha "pailoti wa njinga", ine n'kumaseka nawo, mtima ukuwawa. Amama atamva analulutila, chimanga n'kumwazika pabwalo ponse. Adada anavula chipewa, nathokoza Mulungu m'Chitumbuka, "Yewo, Chiuta." Kenaka anapita kukhola ngati kuli ntchito, koma ndinawaona akupukuta maso.

Ndege yake ndi ya mipando inayi, si yaikulu ija ndinkalota ku Lusaka. Ndizidzauluka pansipansi, kuyang'ana njovu, moto wa m'tchile ndi misasa ya opha nyama. Maola anga ouluka ayamba kuchuluka, ndipo ndi maolawo amene amatsegula makomo a ndege zikuluzikulu.

Chondisautsa ndi Mwiza, mnzanga wa kusukulu ya ndege. Ndiye anandiuza za malowa, tinakayesedwa limodzi, ndipo amauluka bwino kuposa ine. Ndalemba meseji katatu, katatu konse ndafufuta. Asamvele kwa anthu ena. Mawa m'mawa ndimuimbila ndekha, koma mawu oyamba ndidzati chiyani...