Gudumu Louma Mbali Imodzi

Lachiwiri, 10 Ogasiti 1976

Dzuwa lomweli. Masabata asanu ndi atatu popanda dontho. Nkhosa zikuwoloka mtsinje osanyowa.

Kalata yafika ku komiti yathu yoteteza fakitale. Woyendera nyumba zakale wa boma abwera pa 20. Akaona gudumu lalikulu lamatabwa loyendetsa makina likuzungulira ndi madzi, fakitale yathu ya Scarfoot itetezedwa. Apo ayi, eni malo aigwetsa, pakhale poimika magalimoto. Zaka 190 chiimangireni! Agogo awo a amayi anayamba kupota thonje mmenemo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndawombamo nsalu zaka 34, ndatulukamo ndi makutu akufa theka.

Vuto ndi unyolo. Chitsekereni fakitale, achimwene a Wilf akhala akutembenuza gudumu m'mawa uliwonse, pang'ono chabe, kuti mbali zonse zizimwako madzi. Mu Juni a Pendlebury, wapampando wathu, mphunzitsi wopuma wochokera kum'mwera, analimanga unyolo, ati alendo angavulale. Achimwene anawauza pamaso: "Ilo ndi thabwa, bambo, si chipilala. Mukaliimika, pansi limamwa, pamwamba limauma." Iwo kumwetulira basi. Kiyi m'thumba.

Lachisanu, 13 Ogasiti

A Pendlebury apereka kiyi lero, atawalalatira pa basi Nora, mnzanga wa pa makina. Tatsika kukaona. Mayo ine! Matabwa apamwamba ang'aluka, dzanja langa likulowa lonse. Apansi ali ndii, kulemera. Achimwene angovula chisoti ngati pamaliro.

Kuthira madzi ndi paipi nkoletsedwa, chilala. Ndiye tagwirizana amayi a mumsewu wathu: madzi osambira, otsukira mbale, onse m'ndowa, kukathira pa gudumu. Maulendo asanu ndi awiri ine ndekha. Msana ukuchita kulira.

A Pendlebury atipeza pabwalo ine ndi Nora tikuyankhulana ndi milomo yokha, monga tinkachitira pakati pa phokoso la makina. Afunsa ngati tikuwanena. Ndati ayi. Nora anali atangoti, "Safunsa anadya phula."

Lachitatu, 18 Ogasiti

Gudumu likununkha sopo. Ming'alu yatsekeka theka lokha.

Madzi a m'damu ngokwanira mphindi khumi, kamodzi kokha. Kuyeserera palibe.

Achimwene ati tsikulo atsikira okha m'dzenje la gudumu ndi hamala ndi mphero, timitengo tosongoka tokhomera m'mipata, kuti thabwa likayamba kusuntha alikhomere likuzungulira. Munthu wa zaka 72! Ndati mwapenga. Ati, "Iwe Edna, unayamba liti kulamula akulu ako?" Ine ndikakhala pa chitseko cha madzi, chifukwa madzi akayamba kukokoma palibe amene angamve mawu, ndipo wowerenga milomo yawo kuchokera pamwambapo ndi ine. "Ndikati tseka, utseke. Ndisananene, usakhudze."

Ndalonjeza. Tiyi wazizira m'kapu, sindinamwe. Ndili ndi mantha.

Loweruka, 21 Ogasiti

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Woyendera uja, mayi wamtali, nsapato zoyera, kabuku m'manja. A Pendlebury kumuuza mbiri yonse ngati anabadwira mmenemo. Teni koloko ndinatsegula. Madzi phwaa. Gudumu linazengereza, kenaka mbali yolemera ija inagwa mwamphamvu, yopepuka nkukwera modzikoka. Gwa, dzikoke, gwa, dzikoke. Khoma lonse kunjenjemera. Koma likuzungulira! Nora misozi. Mayi uja akulemba.

Ndinayang'ana pansi. Achimwene akhomera mphero imodzi, yachiwiri. Yachitatu thabwa linawapana dzanja pakhoma. Ndinaona nkhope ikusintha, hamala ikugwera m'madzi. Mbali yolemera ikubweranso.

Anandiyang'ana. Milomo yawo ndinaiwerenga bwinobwino, chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi zinayi sindinaiphonyepo. "Usatseke."

Anabwerezanso. "Usatseke, iwe."

Ndinatseka.

Mphindi zitatu zokha. Mayi uja anatseka kabuku kake, nathandiza kuwanyamula, nsapato zija matope okhaokha. Ati tidzamva pa kalata. Kaya.

Lachinayi, 26 Ogasiti

Zala ziwiri adula. Adokotala ati gudumu likanazunguliranso kamodzi, ukanapita mkono wonse, mwina ndi mwini wake.

Ndawapitira kanayi. Ndikalowa, nkhope kukhoma. Chitumbuwa cha nyama chomwe ndinawaphikira anapatsa wa pabedi loyandikana. Kwa Nora akuyankhula. Anamuuza kuti, "Zala ndili nazo khumi, gudumu ndi limodzi."

Zisanu ndi zitatu, achimwene. Muziwerenga bwino.

A Pendlebury anabwera ndi maluwa kwathu. Ndinawalandirira pakhomo. Dzulo kunaoneka anthu awiri akuyeza pabwalo la fakitale ndi tepi. Kalata kulibe.

Ndikanachitanso chimodzimodzi. Ndikudziuza choncho tsiku lonse.

Lachiwiri, 31 Ogasiti

Mvula! Masiku atatu tsopano. Anthu akuvina mumsewu, damu ladzaza mpaka kusefukira. Lero gudumu likanazungulira tsiku lonse. Ndinatukwana kumwamba, Mulungu andikhululukire.

Kuchipatala chimodzimodzi, theka la ola ndikuyang'ana msana wa munthu. Belu litalira namwino anatitulutsa nkutseka chitseko. Ndinacheuka pa galasi. Achimwene anali atatembenuka, akundiyang'ana, dzanja la mabandeji pachifuwa. Milomo yokha, pang'onopang'ono, monga ankachitira ndili wophunzira pa makina.

"Pansi likumwanso. Kalitembenuze."

Kalata sinabwere. Kiyi ali ndi ine, sindinabweze. Mawa sikisi koloko. Nora ati abwera ndi mtengo wokankhira, sindikudziwa ngati awiri tingalithe, koma tikayesa.