Mmene Abambo Anatipezera Malo Oimika Kalavani

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kunja kuno ku Wigston tilipo. Lero sindinapite ku ntchito, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni mwachifatse, chifukwa nkhani imene ndili nayo si yokamba munthu ataimirira.

Ndiyambe ndi zakumudzi, ngakhale mwina mukuziona bwino kuposa ine. Mpongozi wanu, akazi a achimwene a Fanuel, anachira bwino mu Febuluwale. Ndi mwana wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Pa chithunzi chimene ananditumizira, chipumi ndi chanu ndendende. Chimanga cha kumunda wakumtunda sichinachite bwino poti mvula inadula pakati, koma mtedza ndi mbatata akuti zachuluka. Inenso kuno ndili ndi kadimba kamene khonsolo imatibwereketsa. Ndinadzala maungu kuti ndizithyola nkhwani, koma nkhono za kuno zilibe ulemu, zinandisiyira mitsitsi yokha. Mdzukulu wanu Tadala watalika mpaka kufika paphewa panga. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya Abambo. Anafika kuno mu Epulo, monga tinagwirizanirana pamaliro anu, kuti adzakhale nafe miyezi isanu ndi umodzi. Amayi, munthu amene ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege sanali amuna anu amene mumawadziwa aja. Abambo amene anagwira ntchito zaka zonse zija m'nkhalango za ku Dedza, amene ankadzutsa nyumba yonse ndi mluzu, anafika ali duu. Ankakhala pa mpando wa pazenera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuyang'ana khoma la njerwa la aneba ndi migolo ya zinyalala. Chakudya ankangochilawa. Shuga wawo ankakwera n'kutsika mosadziwika bwino, lamba anaboola mabowo awiri atsopano. Ndikawafunsa ankangoti, “Ndili bwino, mwanawe.” Koma ine ntchito yanga ndi ya unamwino, odwala anga ndi okalamba, ndipo nkhope ya munthu amene wayamba kulongedza mumtima ndimaidziwa. Ndinachita mantha kuti ndikwirira makolo awiri chaka chisanathe.

Amene anaona chochita ndi mkamwini wanu, bambo a Tadala. Iwo anati munthu wa m'nkhalango tamutsekera m'bokosi, tiyeni tipite naye kumapiri a ku Derbyshire akagone kumene kuli mitengo. Kunena kunali kosavuta. Tenti sizikanatheka, maondo a Abambo salola kugona pansi, komanso jakisoni wawo wa shuga amafuna fuliji, fulijiyo imafuna magetsi. Hotelo ndi bokosi linanso. Kalavani yaikulu, nyumba yokoka ndi galimoto ija, kagalimoto kathu sikangaikoke.

Tinafufuza mpaka tinapeza mkulu wina wopuma pa ntchito cha ku Loughborough akugulitsa kalavani yachilendo imene anabwera nayo kuchokera kunja. Pakati pake ndi yolimba ngati kalavani ina iliyonse, ili ndi khomo, fuliji, mbaula ndi kachimbudzi. Koma kutsogolo ndi kumbuyo kuli zitseko zimene umazigwetsa, n'kutuluka mabedi awiri ofunditsidwa ndi lona ngati tenti. Ukaipinda imakhala yaing'ono ndi yopepuka, ukaitambasula mumagona anthu asanu. Ndinakumbukira zimene munkanena mukamasankha kaunjika pamsika, kuti chovala usamachione kumaso, uchitembenuze uone msoko. Ndinakwawa pansi pa mabedi aja, kukoka msoko uliwonse wa lona, kununkhiza m'makona ngati muli nkhungu. Mwini wake anandifunsa ngati ndinagwirako ntchito yosoka. Ndinamuuza kuti ayi, ndinangoleredwa bwino.

Titabwera nayo, Abambo anatuluka panja koyamba osachita kuitanidwa. Anaizungulira, bambo a Tadala n'kuwatambasulira mabedi aja. Ananena mawu amodzi okha, akuti mleme. Kenako anabwerera ku mpando wawo. Ife tinaseka, osadziwa kuti atchula vuto lenileni: si mbalame, si mbewa.

Vutolo linaonekera pofuna malo. Kuno sungangoimika kalavani pamene wafuna, umabukitsa malo pa msasa wa alendo, ndipo msasa uliwonse uli ndi malamulo ake. Oyamba amene ndinawaimbira anati bwalo lawo ndi la matenti okhaokha, chinthu cha matayala salola. Achiwiri anati iwo amalandira makalavani a makoma olimba mbali zonse, cha lona ayi. Achitatu anandiuza kuti ndiwatumizire chithunzi, ndinatumiza, mpaka lero sanandiyankhe. Achinayi ndinabukitsa pa intaneti. Panali posankha patatu pokha: tenti, kalavani, kapena galimoto yogonamo. Ndinasankha kalavani, ndipo pa kabokosi kolembapo zina ndinafotokoza bwinobwino za mabedi a lona aja. Imelo yovomera inabwera, ine n'kuti zatheka.

Tinanyamuka Lachisanu, sukulu zitangotsekera. Tinadutsa Derby, misewu n'kuyamba kuchepa, mipanda ya miyala n'kuyamba kuoneka, nkhosa zili mbwee m'mapiri. Ndinkasuzumira pagalasi kuona Abambo kumbuyo. Maso awo anali pa mitengo, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuiwerenga.

Tinafika cha m'ma thiri koloko masana. Malo athu anali kumtunda, pothira timiyala, pafupi ndi chipilala cha magetsi. Tinamasula kalavani, tinagwetsa bedi lakutsogolo, tikugwetsa lakumbuyo panafika mayi woyang'anira msasawo pa njinga. Anali mayi wamkulu ndithu, wa tsitsi la imvi, ndipo analankhula mwaulemu. Anati pepani, pamenepa ndi pa makalavani olimba okha, chilichonse cha lona chimapita ku bwalo la kumunsi. Ndinamuonetsa imelo ija ndi zimene ndinalemba. Anawerenga, n'kuvomera kuti palibe amene anaona mawu angawo, koma anati lamulo ndi lamulo. Bambo a Tadala anati chabwino, tipite kumunsiko. Mayi uja anapukusa mutu. Kumunsi kulibe magetsi, komanso mvula ya sabata imeneyo inali itafewetsa nthaka, chinthu cholemera chikanatitimira n'kuwononga udzu. Anaimbira misasa iwiri yapafupi kutifunsira malo, yonse inali yodzaza.

Amayi, mukundidziwa. Munkati ine ndinatengera pakamwa panu koma mtima wa Abambo unandiphonya. Mawu anayamba kukwera. Ndinanena za jakisoni, za ulendo wonse umene tayenda, za zimene ndinalemba zimene iwo sanawerenge. Mayi uja nkhope inafiira, akungobwereza zomwezo. Nditacheuka ndinaona Tadala akubweza mapilo m'galimoto popanda womutuma. Pamenepo mphamvu zinandithera. Ndinaona tikubwerera ku Wigston, Abambo akukhalanso pa mpando uja, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wina sadzavomeranso.

Kenako chitseko cha kumbuyo kwa galimoto chinatseguka. Abambo anatsika pang'onopang'ono, anamanga mabatani a jekete, anavula chipewa. Anamupatsa moni mayi uja m'Chingerezi chawo chakale chija, cha anthu amene anaphunzira ku mishoni, mawu alionse omveka paokha. Anadzitchula dzina, nanena kuti anagwira ntchito yoyang'anira nkhalango mpaka kupuma. Kenako anati, “Mayi, lamulo lanu ndalimva ndipo sindikulinyoza, inenso ndinasungitsapo malamulo. Ndingofunsa: munaliika pofuna kuteteza chiyani?”

Mayi uja ndikuganiza kuti palibe amene anamufunsapo funso limenelo. Anati zifukwa zilipo zitatu. Pansi pa timiyala tija pamadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, ndiye safuna munthu kukhomapo zikhomo za tenti. Chachiwiri, kumtundako kumaomba mphepo yamphamvu imene inang'ambapo lona wa anthu ena. Chachitatu, pamafunika mpata wokwanira pakati pa kalavani ndi inzake poopa moto, ndipo chinthu chotambasuka chimadya mpatawo.

Abambo anamupempha kuti ayende nawo. Anazungulira naye kalavani yonse, kumuonetsa kuti lona uja wagwiridwa ndi zitsulo za bedi lomwelo, palibe chingwe ngakhale chimodzi chofika pansi, palibe chikhomo. Mayiyo anawerama, nasuzumira, navomera. Za mphepo, Abambo anaima n'kuyang'ana mitengo ya m'mbali mwa msasawo, kenako anamuuza kuti mphepo yake imachokera uku, chakumadzulo, poti mitengo yonse yapendekera mbali imodzi ndipo nthambi za mbali inayo n'zazifupi. Analoza malo a kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mpanda wa miyala, pamene panali mzere wa mitengo yowirira. Anati pamenepo mphepo imadumpha pamwamba, taonani udzu wa pamenepo waima chilili pamene wina wonsewu wagona. Mayi uja anaseka koyamba. Anati malo amenewo ali ndi magetsi ndithu, ndipo alibe munthu, chifukwa alendo amawakana kuti atalikira zimbudzi.

Kunatsala za mpata. Mayi uja anakatenga tepi yoyezera, tinakankhira kalavani pamalo paja tonse, iyenso akukankha nawo. Titatambasula mabedi onse awiri, Abambo anagwira nsonga ya tepi, mayiyo anakoka mpaka pa kalavani yoyandikana nayo. Anayang'ana nambala, nayang'ananso kachiwiri. Mpata unakwana, n'kutsalako ngati chikhatho chimodzi. Anapita pambali kukaimbira mwini msasa, analankhula kanthawi, ndipo pobwera anadzilumikizira yekha waya wathu ku chipilala. Fuliji italira, ndinalowa m'kachimbudzi kaja n'kutseka, kuti Tadala asaone mayi ake akulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, munkatero nthawi zonse, ine n'kumati ndi mawu a anthu ochedwa.

Madzulo amenewo Abambo anadya mbale yonse n'kupempha zina. Anasankha bedi la kumbuyo, loyang'ana ku mitengo, ndipo anatsegula kazenera ka lona kuti azimva mphepo. Kutacha Loweruka ndinapeza bedi lili lokha. Ndinatuluka ndi mantha, n'kuwapeza kutsidya kwa bwalo ali ndi mayi uja, akumuonetsa mtengo wina umene unali kuuma nsonga. Ankapala khungwa ndi chikhadabo, kumuuza kuti muzu wake wakhala m'madzi nthawi yaitali, akumbe kangalande. Masana tinakwera kaphiri ka pafupi. Tinapuma kanayi, koma anafika pamwamba ndi miyendo yawo, ndipo njira yonse ankaphunzitsa Tadala mayina a mitengo yakwathu imene amati ikufanana ndi ya kuno: mkungudza, msuku, muwanga. Mwana uja anabwereza mawu onsewo m'Chichewa, lilime likupunthwa, agogo ake akumukonza. Shuga wa Abambo masiku atatu onsewo anali pabwino.

Potsanzikana, mayi uja anatiuza kuti awonjezera posankha pachinayi pa tsamba lawo lobukitsira, kuti ena okhala ndi kalavani ngati yathu asadzavutike. Anatisungiranso malo omwewo kumapeto kwa Ogasiti. Anagwira Abambo chanza ndi manja awiri. Chibwerereni, m'mawa uliwonse Abambo amakwera basi okha kupita kukadimba kanga, ndipo andiuza mosabisa kuti ndimalima ngati munthu wobwereka khasu.

Pali chinanso chimene ndasungira kumapeto. Lamulungu m'mawa, tisanapinde mabedi, ine ndi Abambo tinakhala panja awiri tikumwa tiyi. Anakutchulani, koyamba chichokereni inu. Anandiuza kuti tsiku limene tinabwerako kumanda anakhoma chipinda chanu ndi loko, ndipo miyezi yonse ija asanabwere kuno ankagona pa mphasa pabalaza. Palibe amene ankadziwa, ngakhale achimwene. Zovala zanu zili mmene munazisiyira, nsapato zanu za kutchalitchi zili pansi pa bedi. Anatulutsa kiyi m'thumba la jekete kundionetsa, akuti amayenda naye kulikonse. Ndiye anati, “Mu Okutobala ndikufuna ndikatsegule, mvula isanagwe. Koma ndekha sindingathe.”

Ndapempha kale tchuthi ku ntchito, Amayi, ndipo andipatsa. Ndidzabwera nawo ine mwini. Kiyi adzatembenuze ndi iwo, ine ndidzakhala pambali pawo. Tidzatsegula mazenera, tidzayanika zofunda padzuwa, zitenje zanu ndidzagawa kwa oyenera monga mukanafunira, ndipo sindidzakwera ndege yobwerera kuno mpaka nditaona Abambo atagona m'chipinda chawo. Ili ndi lonjezo langa kwa inu.

Pumulani, amuna anu tikuwasamala.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Elube