Tchizi Munatumiza Ija

Achimwene,

Monile kumeneko ku Kitwe. Kuno tili bwino, koma mwendo wa amayi ukuvutabe.

Tchizi munatumiza ija ndinaphikila mkulu wina wa Chipani atabwela kusukulu kwathu kumene ndinkagwila ntchito yophika. Ndinapanga chofufuma cha mazila ndi tchizi chija anandiphunzitsa ansembe a ku France, chofunika kudya chikangotuluka mu uvuni. Nditachenjeza ahedi, anati, "Mlendo wa Chipani sauzidwa nthawi yodyela."

Chitafufuma bwino, bwanayo anaimilila kulankhula za kuipa kotaya chakudya. Azimayi anavina, iye n'kuyambilanso. Pofika patebulo chinali chitaphwa ngati chikopa. Ananunkhiza, nati, "Mwatiphikila zowola?" Anachiponyela agalu, ine ntchito inathela pomwepo.

Tchizi musatumizenso, agalu a kuno akhuta. Tumizani sopo ndi mchele.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge